Lipoti: kusintha choziziritsira cha GTX 1080 Ti pa kompyuta yokonzera mavidiyo

Kompyuta imene ndikufotokoza pano ndi ya bambo wina amene ali ndi kastudio ka mavidiyo ku Lilongwe. Amajambula maukwati, zinkhoswe ndi nyimbo za makwaya, ndipo zithunzizo amazikonza ndi DaVinci Resolve, pulogalamu imene imatsamira kwambiri graphics card, khadi la m'kompyuta limene limakonza zithunzi. Khadi lawo ndi GeForce GTX 1080 Ti ya mtundu wa Founders Edition, wopangidwa ndi kampani ya Nvidia yeniyeniyo, limene m'bale wawo anawagulira ku Britain litagwirapo kale ntchito. Anabwera nayo mu Okutobala, dzuwa lili pswa, akudandaula kuti ikamatulutsa vidiyo imalira ngati chigayo, kuti ntchito imene kale inkatha msanga yayamba kuchedwa, komanso kuti masana ena sikirini imangoda n'kuyakanso, Resolve itadzitseka yokha.

"Achimwene, ine ndikuona ngati khadili latha," anatero. "Mundiuze zoona, ndisamangotaya ndalama."

Ndinawayankha kuti khadi lakufa ndi khadi lotentha zimadwala mofanana, choncho andisiyire kaye ndiliyeze.

Mmene khadilo linalili

GTX 1080 Ti inatuluka mu Malichi 2017 pa mtengo wa madola 699. Pakati pake pali chip yaikulu yotchedwa GP102, ndipo m'mbali mwake muli timachip 11 ta memory ya GDDR5X, tonse pamodzi 11 GB. Khadi lonse limadya mawati 250. Magetsi amalowera pa mawaya awiri, wa mapini 8 ndi wa mapini 6, kuwonjezera pa amene amachokera m'siloti ya motherboard. Nvidia inalemba kuti liwiro loyambira ndi 1480 MHz ndipo lokwera ndi 1582 MHz, koma aliyense amene anagwirapo makhadi a m'badwo umenewu, wotchedwa Pascal, amadziwa kuti manambalawa ndi apansi. Likazizira bwino limadzikweza lokha kudutsa 1800 MHz. Likamatentha limatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 13 MHz ulendo uliwonse, ndipo likafika pa madigiri 84, pamene pali malire ake, limayamba kudzibweza kwambiri kuti lisapitirire.

Choziziritsira cha Founders Edition ndi cha mtundu wa blower. Fani imodzi yaing'ono imakoka mpweya kumapeto kwa khadi, kuukankhira m'ngalande ya tizitsulo topyapyala ta aluminiyamu, n'kuutulutsira kunja kumbuyo kwa bokosi. Ubwino wake ndi woti kutentha konse kumathera panja. Mtengo wake ndi phokoso, chifukwa fani yaing'ono iyenera kuthamanga kwambiri kuti ikankhe mpweya wokwanira. Pansi pa zonsezi pali chitsulo chathyathyathya chophimba khadi lonse, chimene chimakhudza memory ndi VRM (gawo lokonzera chip magetsi) kudzera m'ma thermal pad, mapadi ofewa odutsitsa kutentha. Ukaliona kunja chitsulochi sichioneka, koma nkhani yaikulu ya ntchitoyi inathera pa icho.

Ndinayamba ndi kuyeza ndisanamasule kanthu. M'chipinda munali madigiri 31. Ndinatsegula GPU-Z, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi liwiro la khadi, pa tsamba la Sensors, n'kuyendetsa Unigine Heaven, pulogalamu yolemetsa khadi poliyesa, mobwerezabwereza, kenako pulojekiti ya ukwati ya mwiniwake yomwe. Patangopita mphindi zochepa chip inafika pa 84, ndipo m'malo moima pamenepo inakwerabe mpaka 89, fani ili pafupi kufika pomaliza. Liwiro linatsikira cha m'ma 1450 MHz, pansi pa loyambira, ndipo pa mzere wa PerfCap Reason pankangolemba Thrm, kutanthauza kuti chikulibweza ndi kutentha. Nambala ya Hot Spot, malo otentha koposa pa chip, inali pamwamba pa ya chip ndi madigiri oposa 20. Kusiyana kwakukulu chonchi nthawi zambiri kumasonyeza kuti thermal paste, phala lodutsitsa kutentha limene limapakidwa pa chip, yauma kapena chitsulo sichikukhudza bwino mbali ina ya chip. Faniyo nayo ikamayenda pang'onopang'ono inkamveka kukwekwesa, chizindikiro cha belingi yotha.

Kuda kwa sikirini kuli ndi ziyambi zambiri, choncho sindinathamangire kuloza kutentha. Ndinachotsa driver yonse, pulogalamu yoyendetsa khadi, ndi chida cha DDU n'kuika ina, ndinayeza waya wa 12 V wa power supply khadi likugwira ntchito, ndipo unkaima bwino. Panalibe timadontho kapena mizere yachilendo pa chithunzi, zimene zikanasonyeza memory yowonongeka. Pomaliza ndinatsitsa power limit, malire a magetsi amene khadi lingadye, kufika pa 60% ndi pulogalamu ya MSI Afterburner, kutsegula chitseko cha bokosi n'kulozetsamo fani ya patebulo. Pulojekiti ija inatuluka mpaka kumapeto osadukiza. Apa ndinakhutira kuti khadilo ndi lamoyo, vuto ndi kutentha.

Njira zimene tinaziganizira

Yotsika mtengo inali kulimasula, kulipukuta, kuika phala latsopano ndi mapadi atsopano, n'kufuna fani ina ya blower. Kwa anthu ambiri ndimalangiza zomwezi, ndipo zimakwanira. Koma zikanangolibwezera pamene linali lili latsopano, pa madigiri 84 ndi phokoso lake, m'chipinda cha malata chimene masana chimadutsa madigiri 30. Bambowa amajambuliranso mawu m'chipinda chomwecho, moti ankachita kudikira kompyuta imalize ntchito kuti ayatse maikolofoni.

Kugula khadi lina tinakambirana mwachidule. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, katundu woitanitsa kunja ndi wolasa m'thumba, ndipo khadi latsopano lokhala ndi memory yofika 11 GB si la ndalama zochepa. Mavidiyo a 4K mu Resolve amafuna memory yochuluka, choncho khadi latsopano lotchipa la 8 GB likanawapatsa china n'kuwalanda china.

Pali njira ya madzi, yomangirira choziziritsira cha purosesa pa khadi ndi chitsulo chonga NZXT Kraken G12. Chip imazizira kwambiri, sindikutsutsa. Ndinaikana chifukwa pampu ikafa ntchito yaima tsiku lomwelo, ndipo yolowa m'malo siipezeka pa shelefu m'tauni muno. Pa kompyuta yosewerera magemu munthu angapirire milungu ingapo. Pa kompyuta imene mkwati akudikira vidiyo yake, ayi.

Zinatsala ziwiri za mpweya. Arctic Accelero Xtreme IV ili ndi mafani atatu a 92 mm, inalembedwa kuti imakwanitsa mawati 300, ndipo memory ndi VRM imaziziziritsa ndi chitsulo chachikulu chomangidwa kumsana kwa khadi. Nditayeza ndi rula ndinapeza kuti chitsulo cha kumsanacho chikanagundana ndi choziziritsira chachikulu cha purosesa chimene chinali kale m'bokosimo. Raijintek Morpheus II ili ndi timapaipi 12 ta 6 mm, inalembedwa mawati 360, ndipo imabwera yopanda mafani: umaikapo wekha awiri wamba a 120 mm. Ena amaona ngati kumeneku ndi kuperewera, koma kwa ife ndi chimene chinandikopa. Fani ya 120 mm ikafa, ina ungaipeze m'shopu ya makompyuta iliyonse, ngakhale kuichotsa m'bokosi lakale. Choipa chake ndi kukula, chifukwa ndi mafani ake khadi limatseka masiloti anayi. Bambowa anali ndi kakhadi kolandirira zithunzi za kamera m'siloti yachitatu, ndipo mwamwayi motherboard yawo inali ndi ina pansi penipeni yoti n'kusamutsirako.

Ndisanaitanitse ndinawauza poyera kuti chip ya khadi ilibe chivindikiro chachitsulo ngati purosesa, ili pamtetete ngati galasi lamaliseche, ndipo likathetheka pangodya khadi lapita. Chitsimikizo cha kampani chinatha kalekale, choncho panalibe choti titaye kumeneko. Anavomera, katunduyo n'kubwera kudzera kwa m'bale wawo yemwe uja.

Kumasula

Ndinaliyendetsa kaye mphindi zingapo kuti phala lakale lifewe, kenako kuzimitsa, kuzula waya kukhoma ndi kudina batani loyatsira kuti magetsi otsalira athe. Nyengo yopanda mvula mphepo imakhala youma ndipo magetsi a m'thupi amachuluka, choncho lamba wa pamkono wochotsa magetsiwo si wamanyado chabe.

Founders Edition ili ndi masikuluwu ambiri, ena ang'onoang'ono kwambiri moti amatha mutu ukangowakakamiza. Chivindikiro cha kumsana chili m'zigawo ziwiri, ndipo timasikuluwu take timalowa m'mitu ya mabawuti ena a ngodya zisanu ndi imodzi amene amafuna kasipanala ka 4 mm. Amene alibe kasipanalaka amayesa ndi pulaya, ndipo pulaya ikaterereka imadula timakapasita tating'ono tili pambali pomwepo. Ndinajambula pepala la mawonekedwe a khadi n'kumabaya sikuluwu iliyonse pamalo pake. Masikuluwu anayi a masipuling'i ozungulira chip ndinawamasula modumphana, pang'onopang'ono. Choziziritsira sichikokedwa molunjika: umachipotokola pang'ono uku ndi uku mpaka phala litaleka. Chikangonyamuka pamakhala mawaya awiri ofupika, wa fani ndi wa nyali ya dzina, ndipo timapulagi take timazulidwa pogwira pulasitiki, osati waya.

M'katimo munali zimene ndinkayembekezera. Pakhomo pa ngalande ya aluminiyamu fumbi lofiira linali litalukana ndi ulusi n'kupanga chikhakha chotseka pafupifupi njira yonse. Studioyo ili m'mbali mwa msewu wadothi ndipo kompyuta inkakhala pansi pa simenti. Phala la pa chip linali louma, long'ambikang'ambika, ndipo pangodya imodzi linali litathawa n'kusiya galasi poyera. Mapadi anali atatulutsa mafuta amene ananyowetsa memory yonse.

Mafuta amenewa ndi mdani wa zonse zomata, choncho kupukuta kunanditengera nthawi yaitali kuposa kumasula. Ndimagwiritsa ntchito isopropyl alcohol ya 99%. Sipiriti wofiirira wa m'magolosale ali ndi utoto ndi zosakaniza zina zimene zimasiya kachiphuphu kosaoneka, ndipo tepi simata bwino pamenepo. Kachip kalikonse ka memory ndinakapukuta mobwereza mpaka thonje likutuluka loyera ndipo pamwamba pake pasiya kunyezimira.

Kumanga, ndi zimene chitsulo chakale chinkachita mwakachetechete

Choziziritsira chatsopano chimakhudza chip yaikulu yokha basi. Chitsulo chathyathyathya chija chikachoka, timachip 11 ta memory ndi VRM yonse zimatsala pamtetete. Apa ndi pamene ntchito zambiri za mtundu uwu zimalakwikira, chifukwa zimene umaona pa sikirini zimakukondweretsa pomwe mbali imene siiwerengedwa ikupsa.

VRM ndi gawo limene limatsitsa magetsi a 12 V kufika cha pa 1 V amene chip imafuna. Mphamvu ya magetsi ikatsika chonchi, kuchuluka kwake kumakwera: chip imene ikudya mawati pafupifupi 200 pa 1 V ikukoka ma amp pafupifupi 200. Onsewa amadutsa m'tizida totchedwa MOSFET, kalikonse kochepa kuposa chikhadabo, tofoledwa m'magulu asanu ndi awiri pakati pa memory ndi polowera mawaya. Ngakhale titataya gawo limodzi mwa khumi lokha la mphamvuyo, amenewo ndi mawati 20 otenthera pa kamzere kopapatiza. Ma MOSFET amapirira kudutsa madigiri 100, koma akamatentha amatayanso mphamvu yochuluka, ndipo makapasita oyandikana nawo amakalamba msanga. Lamulo limene amisiri amagwiritsa ntchito pa makapasita ambiri ndi loti madigiri 10 alionse owonjezera amadula moyo wake pakati. Memory ya GDDR5X nayo malire ake ndi madigiri 95. Nkhaniyi si yongoopseza: mu 2016 kampani ya EVGA inagawira eni makhadi ena a GTX 1080 ndi 1070 mapadi owonjezera ndi BIOS yatsopano, pulogalamu ya m'kati mwa chidacho, yothamangitsa mafani, chifukwa cha kutentha kwa VRM. Ndipo pa Founders Edition ya 1080 Ti, GPU-Z siikuonetsa kutentha kwa VRM kapena kwa memory. Ngati suyeza wekha, sudziwa.

M'bokosi la Morpheus mumabwera tizitsulo ta aluminiyamu tomata pa memory ndi pa VRM. Ndinayamba ndayesa choziziritsira chachikulu pamalo pake popanda phala, kuti ndione pamene timapaipi tikudutsa. Timachip ta memory tili pansi pa timapaipito timafuna tizitsulo tatifupi, apo ayi choziziritsira chimakhalira pa kachitsulo m'malo mokhalira pa chip, ndipo umadzangodabwa khadi likuzima pakangopita masekondi. Pa memory ndinamata ndi tepi yodutsa kutentha, n'kukanikiza kachitsulo kalikonse ndi chala kwa kanthawi. Pa ma MOSFET ndinagwiritsa ntchito guluu wodutsa kutentha, wosadutsa magetsi. Ndinasiyanitsa dala. M'bokosi loimirira khadi limakhala chozondoka, tizitsuloti timalendewera, ndipo pa VRM ndi pamene pamatentha kwambiri moti tepi imafewa. Kachitsulo ka aluminiyamu kakagwera pa motherboard yoyaka kangathe kuphatikiza mawaya. Pa memory sindiika guluu chifukwa tsiku lofuna kuchotsa ukhoza kuzula kachip ndi miyendo yake. Tizitsulo ta pa VRM ndinaonetsetsa kuti sitikukhudza miyendo ya makapasita kapena makoyilo, ndipo khadilo linagona chagada usiku wonse kuti guluu agwire.

Pa chip ndinapaka Arctic MX-4, imene siidutsa magetsi. Pa purosesa kadontho kapakati kamakwanira chifukwa chivindikiro chimagawa kutentha. Pa galasi lamaliseche ndimapaka ponseponse mopyapyala mpaka m'ngodya, chifukwa kangodya kotsala kouma ndiko kamakhala Hot Spot. Liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chimene ena amapaka m'malo mwa phala, sindinaiganizireko n'komwe: imadutsa magetsi, imadya aluminiyamu, ndipo pambali pa chip pali timakapasita tosaphimbidwa.

Mabowo anayi a makhadi a Nvidia a nthawi imeneyo amatalikirana pafupifupi 58 mm, ndipo zomangira za Morpheus zili ndi malo ake. Choziziritsira ndinachigoneka patebulo chagada n'kutsitsirapo khadi, m'malo mochita mosemphanitsa, chifukwa khadi ndi lopepuka ndipo umaliwongolera bwino. Masikuluwu amamangidwa modumphana, theka la kuzungulira ulendo uliwonse. Ndikamanga ndimayang'ana khadi cham'mbali: likayamba kupindika ndiye kuti ndapyola. Chivindikiro cha kumsana sindinachibwezere, popeza mabawuti amene chinkagwirapo ankalowa m'chitsulo chimene tachotsa chija.

Kuyeza koyamba

Mafani awiri a 120 mm ndinayamba ndawalumikiza ku khadi lenilenilo, ndi kawaya kosinthira pulagi yaing'ono ya khadi kukhala ya mapini 4 wamba. Umu ndi mmene anthu ambiri amachitira, ndipo ndinkafuna kuona zotsatira zake ndisanasankhe. Kumsana kwa khadi, kuseri kwenikweni kwa ma MOSFET, ndinamatapo kawaya koyezera kutentha, thermocouple ya mtundu wa K yolumikiza ku multimeter, ndi ina kuseri kwa memory yoyandikana ndi VRM. Choyezera kutentha chongolozetsa chapatali (infrared) sindichikhulupirira pa zitsulo zonyezimira, chimawerenga zotsika.

Pa sikirini zinali zosangalatsa. Chip inaima pa madigiri 63, liwiro cha m'ma 1870 MHz, phokoso zii. Koma multimeter inali ikukwera osaima: 85, 92, mpaka 98 pamene ndinaimitsa. Ndipo iyi ndi nambala ya kumsana, m'kati mwa MOSFET mumakhala motentha kuposa pamenepo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Khadi limayendetsa mafani poona kutentha kwa chip yaikulu yokha. Dongosolo limeneli linakonzedwera blower, pamene chip ndi VRM zinkatentha limodzi pansi pa choziziritsira chimodzi, ndipo chip ikafika m'ma 80 fani inkathamanga n'kuziziritsa zonse. Tsopano chip ili pa 63, khadi likuona kuti zonse zili bwino, mafani akuyenda mwaulesi, ndipo tizitsulo ta pa VRM tikungolandira kamphepo kofooka kodutsa kale m'choziziritsira chachikulu. Kuwonjezera apo, chip yozizira imathamanga kwambiri ndipo imakhala pa malire a mawati 250 nthawi yonse, pomwe kale inkadzibweza. Ndiye kuti VRM ikugwira ntchito yolemera kuposa kale, ndi mphepo yochepa kuposa kale. Kuzizira kwa chip ndiko kunkatenthetsa VRM.

Njira yodziwika ndi kujambula mzere wa mafani mu Afterburner kuti azithamanga msanga. Imagwira, koma imadalira kuti pulogalamuyo iziyaka nthawi zonse ndi Windows. Makompyuta a m'mastudio amaikidwa Windows yatsopano kawirikawiri, nthawi zina ndi mnyamata wothandizira amene sadziwa kuti kapulogalamu kali pakona kaja ndiko kakuteteza khadi. Sindinafune kuti moyo wa VRM udalire chikumbumtima cha munthu. Ndinachotsa mafani ku khadi n'kuwalumikiza ku motherboard, kenako mu BIOS ndinawaika pa liwiro losasintha la pafupifupi 1200 rpm. Fani ya 120 mm pa liwiro limeneli imangomveka ngati mpweya, maikolofoni ili patali pang'ono siiitola. Khadi limawerenga kuti fani yake ili pa 0 rpm, koma limagwira ntchito bwinobwino. Fani yachiwiri ndinaisunthira kumapeto kuti mapiko ake, osati pakati pake pamene sipatuluka mphepo, akhale pamwamba pa VRM. Ndinasinthanso batire ya CR2032 ya motherboard, chifukwa kuno magetsi amathimathima, ndipo batire ikafooka BIOS imaiwala zonse n'kubwezera mafani ku dongosolo lotsata purosesa.

Nditabwereza mayeso omwewo kwa ola lathunthu, chitseko chili chotseka, chip inaima pa 59, Hot Spot ili pamwamba ndi madigiri 11 okha, kumsana kwa VRM 81, kwa memory 72. PerfCap inasiya kulemba Thrm, inkasinthasintha pakati pa Pwr ndi VRel, kusonyeza kuti tsopano chikuliletsa ndi malire a magetsi.

Founders Edition imalola kukweza power limit mpaka 120%, kutanthauza mawati 300, ndipo mwiniwake atamva zimenezi maso anawala. Ndinawakaniza. Phindu lake ndi lochepa, ndipo lonse limalipiridwa ndi VRM ya khadi lakale. Ndinachita zosiyana: mu Afterburner, pa mzere wa voteji umene umatseguka ndi Ctrl+F, ndinaliimitsa pa 0.950 V ndi 1835 MHz. Khadilo linapirira mayeso onse, kudya kwake kunatsikira cha m'ma 85%, ndipo VRM inafika m'ma 70. Chip iliyonse ili ndi khalidwe lake, choncho manambalawa si oti wina angokopera. Ubwino wake ndi woti Afterburner ikadzachotsedwa, VRM idzangobwerera pa 81 paja, pamene palibe choopsa.

Bokosi lonse

Mawati 250 amene blower inkataya panja tsopano amatsala m'bokosi. Purosesa inakwera ndi madigiri 7, ndipo SSD ya M.2 imene ili kufupi ndi khadi nayo inafunda. Bokosilo linali ndi fani imodzi yokha kumbuyo. Ndinaika awiri kutsogolo okokera mpweya m'kati, kuseri kwa kansalu kosefa fumbi, kuti wolowa uzichuluka kuposa wotuluka ndipo fumbi lisamalowere m'ming'alu. Zotsekera masiloti za pansi pa khadi ndinaikapo zobowola. Purosesa inabwerera pafupi ndi pamene inali.

Kulemera nako kunafuna chochita. Choziziritsirachi ndi mafani ake chimakokera khadi pansi kumapeto, ndipo chitsulo chakale chimene chinkalilimbitsa palibe. Khadi lopindika kwa zaka limathyola timalumikizidwe ta pansi pa memory yoyandikana ndi siloti. Ndinaika kamtengo ka pulasitiki kochirikiza ngodya yakutali, kosakhudza mapiko a fani. Bambowa nthawi zina amanyamula kompyutayi kupita nayo kumaholo kukaulutsa mwambo pa Facebook, choncho ndinawauza kuti m'galimoto izigona chammbali, motherboard ili pansi, chifukwa mabampu ndi zigwembe zingathe kuzula siloti.

Vidiyo ya ukwati imene inkatenga mphindi pafupifupi 50 kutuluka inatha pansi pa 40. Ndinawafotokozera kuti kusinthaku kwakula chifukwa khadilo linkadwala. Tikanayerekeza ndi Founders Edition yathanzi m'chipinda chozizira, kusiyana kukanakhala kochepa, mwina gawo limodzi mwa khumi. Choziziritsira sichisandutsa khadi la 2017 kukhala latsopano. Chimene agula ndi bata m'chipinda ndi kompyuta yosaima pakati pa ntchito.

Atabwera kudzatenga anayatsa pulojekiti, n'kuwerama kuika khutu pa bokosi.

"Koma ikugwiradi ntchito imeneyi, achimwene?"

Ndinawalozera pa sikirini pamene khadi linkaonetsa 99%.

Kuonanso patapita nthawi

Ndinawapempha kuti aibweretsenso mvula ikayamba, makamaka kuti ndione tizitsulo tomata tija. Tonse tinali m'malo, ndipo nditakagwedeza kalikonse ndi kamtengo panalibe kosuntha. Kuda kwa sikirini sikunabwerenso. Kompyuta anaikweza patebulo monga tinagwirizana, koma kansalu ka kutsogolo kanali katafiira kale, choncho tinapangana kuti azikachapa mwezi uliwonse nyengo ya fumbi, ndipo popemerera mafani azigwira mapiko kuti asazungulire okha. Ndinamata kapepala m'kati mwa chitseko kolemba kuti mafani a khadi ali pa CHA_FAN2, azikhala pa 1200 rpm, ndipo aliyense wokhudza BIOS aonenso zimenezi. Nambala yoti aziyang'anira ndi kusiyana kwa chip ndi Hot Spot: kukadutsa madigiri 20, phala lathawa ndipo tipakenso.

Chotsala chimene choziziritsira sichingakonze ndi msinkhu wa khadilo. Nvidia inalengeza kuti madriver athunthu a makhadi a Pascal atha mu Okutobala 2025, ndipo kuchokera pamenepo kuzingobwera zigamba zachitetezo mpaka Okutobala 2028. Mapulogalamu okonzera mavidiyo adzafika poleka kulilandira. Ndinawalangiza kuti asamathamangire kukweza Resolve pakati pa ntchito asanaone ngati mtundu watsopanowo ukugwirizana ndi driver yawo, ndiponso kuti ayambe kuika padera kangachepe pa ukwati uliwonse kogulira khadi lina. Blower yakale, chitsulo chake ndi masikuluwu onse ndinawaikira m'kathumba kolemba, chifukwa tsiku logulitsa khadilo wogula angafune kuliona lili lathunthu, ngakhale tizitsulo ta guluu ta pa VRM tidzafunika kutenthetsa kaye kuti tichoke.